Za Mwamuna Wotsata Mkazi Wace Kokagula Nsaru

Mau olankhulidwa pa tsiku la cikondwerero ca mishoni

Pa tsiku lotere anthu azolowera kumva za nyumba zimene zinamangidwa, ndi za maina a iwo amene anatsogola. Zimenezo anzathu anena kale, ndipo anena bwino. Ife tapemphedwa kunenapo za kanthu kakang'ono, kamene ena adzati sikayenera tsiku lalikuru. Koma tiyesa kuti m'kanthu kameneka muli mtendere wa nyumba zambiri za m'dziko lino la fodya. Tinena za mwamuna amene atsata mkazi wace kokagula nsaru, mtima wace usakufuna.

Munthu ameneyu timdziwa tonse, pakuti sasowa m'mudzi uli wonse. Pofika miyezi ya Meyi ndi Juni, fodya atapita ku msika wa ku Chinkhoma ndi ndalama zitayamba kulowa, mudzampeza pa khonde la sitoro pa boma la Kasungu, kapena pa Santhe, pa Chamama ndi pa Nkhamenya. Aima cotsamira njinga yace, dzanja liri pa thumba m'mene muli ndalama, maso ali ku dzuwa. M'katimo mkazi wace ali ndi anzace awiri kapena atatu. Afunyulula citenje ici, nacipenya poyera, nacipinda, natenga cina, nabwereranso ku coyamba cija. Mwamunayo asuzumira pakhomo, nati, "Kodi simunathe, Nabanda? Nsaru ndi nsaru. Tolani iri yonse tizimka." Ndipo mkaziyo ayankha osaceuka, "Lezani mtima, a Phiri. Yofiirayi sigwirizana ndi zigamba ndiri nazo kunyumba." Pamenepo mwamuna ausa moyo, nayang'ana tsidya lija la mseu, kumene anzace akhala pa mowa.

Nsaru imene amai awa afuna si ya kubvala pa ukwati iai. Afuna ya kusokera copfunda ca zigamba, cimene ena a inu mwaciona coyala pa kama wa mlendo. Copfunda cotere ciri ndi nsaru zitatu zosanjikiza. Pamwamba pali zigamba zolumikiza, zodulidwa muyeso umodzi. Pakati pali bulangeti lakale kapena thonje loyala bwino. Pansi pali nsaru yaikuru. Ndipo singano ipyoza zonse zitatu, mzere ndi mzere, kuti ca pakatico cisaunjikane pocapa. Zigamba zambiri zicokera m'nyumba momwemo: maraya a bambo akutha m'khosi koma olimba kumsana, diresi la mwana amene wakula, ndi zotsala za kwa telala. Koma zakale zokha sizikwana. Ifunika nsaru yatsopano ya m'mphepete ndi ya pansi, ndi mtundu umodzi wakumanga mitundu yonse ija pamodzi. Imeneyo ndiyo aifunafuna m'sitoro, ndipo ndico cifukwa cace acedwa.

Tsono kwa mwamuna wa pa khonde uja tiri nao mau anai.

Coyamba, tikumbutsane kuti m'dziko lino nsaru inali nkhani ya amuna kuyambira kale. Makolo athu asanaone nsaru ya m'sitoro, mwamuna ndiye anamka ku thengo kukafundula khungwa la mombo, nalibviika m'madzi, nalimenya ndi nyundo ya mtengo pa cipika kufikira litafewa ndi kutambasuka, likhale nyanda ya kubveka banja lace. M'madera a thonje, monga ku cigwa ca Shire kumene David Livingstone anaona anthu alikupota ndi kuomba m'caka ca 1859, amuna ndiwo anakhala pa coombera. M'masiku a mfumu Mwase wa Kasungu, amalonda a kwa Jumbe ku Nkhotakota anakwera kuno ndi mitolo ya nsaru yodzera ku Zanzibar, naisinthana ndi minyanga ya njobvu. Ndipo, tinene mosabisa, anaisinthananso ndi anthu. Ina mwa nsaruzo inaombedwa ku America, ndipo amalonda anaicha merikani. Kampani ya African Lakes, imene tiidziwa ndi dzina la Mandala, itayamba m'caka ca 1878, inalipira amtengatenga ace ndi mikwamba ya nsaru yoyera, pakuti nsaru ndiyo inali ndalama ya masiku amenewo. Munthu wolandira malipiro otere anaphunzira kuyesa nsaru ndi zala zace, kuti angamnyenge ndi yopyapyala. Momwemo pamene Dr George Prentice wa Mishoni ya Livingstonia anadzakhala pa Kasungu m'caka ca 1900, nsaru inali itakhala kale cuma cimene amuna anacidziwa mtengo wace.

Nanga agogo athu amene anayenda pansi kumka ku Salisbury ndi ku Johannesburg, pobwera ananyamula ciani m'mabokosi mwao? Mabulangeti, nsaru za akazi ao ndi za apongozi, ndipo wamwai ananyamula makina osokera a Singer. Ambiri otere anakhala atelala pa makonde a sitoro za Amwenye, ndipo kufikira lero telala wa pa khonde kawirikawiri ndi mwamuna. Mwa mwambo wa Acewa, mkamwini wosabveka mkazi wace anali ndi mlandu pamaso pa ankhoswe. Usiwa wa mkazi unali manyazi a mwamuna. Singano inalowa m'manja mwa akazi makamaka ndi sukulu. Amishoni a Dutch Reformed, amene anayamba pa Mvera m'caka ca 1889, nalandira Kasungu kwa a Livingstonia m'zaka za m'ma 1920, anaphunzitsa kusoka m'nyumba zao zolereramo asungwana. Ndipo m'Cigwirizano, cimene cinayamba m'caka ca 1940, amai anaphunzitsana za kusunga nyumba, ndi kusoka komwe. Cifukwa cace iye amene anena lero kuti za nsaru nza akazi okha, asayese kuti asunga mwambo wa makolo; iye wautaya.

Caciwiri, tipenye bwino cimene mkazi acita m'sitoromo. Pakuti mwamuna wa ku Kasungu ayenera kucizindikira msanga koposa mwamuna wina ali yense. Kodi si inu, abambo, amene mukhala m'cigafa masabata athunthu ndi kusankha fodya tsamba ndi tsamba? Mulitambasula, mulipenya poyera, muyesa utali wace. Mulekanitsa la pansi ndi la pakati ndi la kunsonga, lofiira ndi lotumbuluka, langwiro ndi lamawanga ndi long'ambika. Mudziwa kuti belo losakaniza likafika pa msika ligwa mtengo, kapena libwezedwa kuti mukasankhenso. Mlendo akadza nati, "Fodya ndi fodya, mangani ali yense," mudzamuyesa wopanda nzeru. Ndiponso nchito ya kulowetsa masamba pa cingwe asanapacikidwe m'cigafa tiicha kusoka fodya. Manja a mwamuna wa kuno siacilendo kwa singano.

Tsono cimene inu mucita ndi tsamba, ndico cimene mkazi wanu acita ndi nsaru. Nsaru ziri pa msika lero zicokera kutali ndi kutali: zina ku fakitale ya ku Blantyre imene a David Whitehead anatsegula m'caka ca 1967, nigulidwa ndi a Mapeto m'caka ca 2003, zina ku Tanzania ndi ku Zambia, zambiri ku India ndi ku China. Pa shelefu zifanana, koma m'madzi zilekana. Mkazi akafikisa ngodya ya nsaru pakati pa zala, afuna kudziwa ngati kuuma kwace nkwa ulusi kapena nkwa phala limene opanga apakapo. Pakuti phalalo licoka pa kucapa koyamba, nitsala nsaru yonga ukonde. Akaitembenuza, afuna kuona ngati maluwa apyola mbali zonse ziwiri. Nsaru imene tiicha java inalandira dzina lace ku cisumbu ca Java ku Indonesia, kumene anthu alemba maluwa pa nsaru ndi phula asanainyike mu utoto. Anthu a ku Holland anatsanza luso limeneli ndi makina m'zaka za m'ma 1800, ndipo yeniyeni ioneka cimodzimodzi kumaso ndi kumbuyo, pamene yotsanzira iri yotuwa kumbuyo. Akakaika ngati ndi thonje, asolola kaulusi kamodzi nakaocha: ka thonje kapsa ngati pepala nikasiya phulusa, koma ka poliyesitala kasungunuka nikauma ngati kamkanda.

Zonsezi acitiranji? Cifukwa m'copfunda ca zigamba colakwa ca cigamba cimodzi cigwera zinzace zonse. Cimodzi cikacucuka utoto, cidetsa zoyera zonse zoyandikana naco. Cimodzi cikafupika m'madzi, cikoka zinzace, ndipo copfunda cikwinyika osayalikanso. Cimodzi cikakhala copyapyala, cing'ambika poyamba, ndi mphepo ilowa pomwepo. Nchito ya miyezi iwiri kapena itatu ya madzulo ikhoza kuonongeka ndi kusankha kwa mphindi imodzi. Akuru anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Mkazi wocedwa m'sitoro alikusankha belo lace. Ndipo mwamuna womfulumiza afanana ndi mlendo uja wonena kuti fodya ndi fodya.

Cacitatu, tiwerengere pamodzi, pakuti amuna ambiri aopa sitoro ya nsaru cifukwa sadziwa kuti ndalama zidzaturuka zingati. Tiyese copfunda ca masentimita 150 m'lifupi ndi 210 m'litali, cokwanira ana awiri kapena atatu pa mphasa imodzi. Cigamba ciri conse cikakhala ca masentimita 15 mbali zonse zinai, padzakhala zigamba 10 m'lifupi ndi 14 m'litali, ndizo 140. Podula, mkazi aonjezako sentimita imodzi mbali iri yonse ya kupindira msoko, motero adula 17. Citenje ca mamita awiri, cotambalala monga masentimita 110, cipatsa zigamba 11 m'litali ndi 6 m'lifupi, ndizo 66. Potero zigamba 140 zifuna zitenje ziwiri ndi kadutswa ka cacitatu. Ndi nsaru ya pansi ifuna zitenje zina ziwiri zolumikiza. Zonse zikagulidwa zatsopano, zikhala zisanu. Koma mkazi amene wasunga zigamba 80 za m'nyumba afuna citenje cimodzi cokha ca pamwamba. Ndipo akakhala nayo nsaru yakale yolimba ya kuika pansi, ulendo wonse wa ku sitoro ukhala wa citenje cimodzi ndi ulusi. Kuwerenga kotere sikubvuta munthu amene awerenga makilogalamu a belo ndi matumba a feteleza. Mwamuna akakhala pansi ndi mkazi wace madzulo a dzulo lace, nawerengera pamodzi, adzalowa m'sitoro wopanda mantha.

Cacinai, ndico cacikuru koposa, tinene za ndalama zomwezo: nza yani, ndipo zipita kuti. Fodya sali ngati nkhuku yoikira tsiku ndi tsiku. Abala kamodzi pa caka. Nchito yace iyamba ku nazale dzuwa liri kuswa mtengo, mvula isanadze, ndipo amene asenza madzi a kuthirira m'mawa ndi madzulo kawirikawiri ndi mkazi ndi ana. Pookera alipo, popalira alipo, pothyola ndi posoka alipo. Kale fodya wa bale anali wa maesiteti okha. Kuyambira caka ca 1990 alimi a m'midzi analoledwa kumlima, ndipo ndalama zace zinayamba kulowa m'nyumba zambiri za pa Kasungu. Koma dzina lolembedwa m'buku kawirikawiri ndi la mwamuna, ndi ndalama zilowa m'dzanja lace. Kwa iwo amene analima ngati matenanti pa esiteti nkhani inakula koposa, pakuti analandira kamodzi pa kutha kwa nyengo, mwini munda atacotsa za cakudya ndi zina zimene anawakongoza. Thukuta liri la awiri, koma thumba liri la mmodzi.

Akuru anati, fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pa cala ngwa mphepo. Ndalama ya m'thumba la mwamuna woima pa khonde ndiye fodya wa pa cala. Iye asungulumwa, dzuwa limuomba, ndipo anzace a tsidya la mseu amuitana ndi dzina la mfunda wace. Anena mumtima mwace kuti angomwa cikho cimodzi podikira; koma tonse tidziwa m'mene nyengo ya msika wa fodya idyera anthu pa malo a malonda, ndi m'mene ena abwerera kumudzi patapita masiku, thumba liri pululu. Ndipo nyengo yomweyo ndiyo nyengo ya cisanu. Dziko lino likhala pamwamba, mamita oposa 1,000 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo usiku wa Juni ndi Julai mphepo ya m'madambo a Bua ndi Dwangwa ilowa m'nyumba yosatseka bwino. Ziripo nyumba m'mene ana apfunda usiku citenje comweco cimene mai wao anabvala usana. Ndalama imene yasanduka copfunda yafika pamphuno. Mphepo siingaitengenso, ndipo idzapfunda ana zaka zambiri, cinkana caka camawa fodya agwe mtengo.

Palinso cina. Milandu yambiri imene ifika kwa ankhoswe ndi kwa akulu a mpingo iyamba ndi funso limodzi lakuti, ndalama zija zinapita kuti? Mwamuna amene anatsala kunja sanaone mtengo wa nsaru. Pambuyo pace akaika, nayesa kuti mkazi anabisa zina. Mkazi amene anapatsidwa ndalama pakhomo la sitoro, monga apatsira mwana, sadziwa zimene zinatsala m'thumba, nayenso akaika. Koma awiriwo akaima pamodzi pa thebulo la wogulitsa, namva mtengo ndi makutu ao, nalandira cenje onse akupenya, kukaika kusowa polowera. Mapazi khumi a kucokera pa khonde kulowa m'sitoro acotsa mlandu umene ukadatha masiku atatu pa bwalo.

Tidziwa kuti alipo ena amene anena, "Ine sindingapfunde zigamba monga mmphawi, pa kaunjika pali mabulangeti." Inde alipo, ndipo wokhoza kugula asaletsedwe. Koma tisayese cigamba ciri conse cizindikiro ca usiwa. Ku South Africa akazi a Mabunu, mtundu wa amishoni aja a ku Mvera ndi ku Nkhoma, akhala akusoka zopfunda zotere mibadwo yambiri, nazicha lappieskombers, ndipo azisiyira ana ao monga cuma ca banja. Ku America, m'mudzi wa Gee's Bend m'dera la Alabama, akazi akuda, zidzukulu za akapolo a m'minda ya thonje, anasoka zopfunda ndi mabuluku akutha a amuna ao, pofuna kucinjiriza ana ku cisanu m'nyumba za matabwa. M'caka ca 2002 zopfunda zomwezo zinapacikidwa m'nyumba zazikuru zoonetseramo luso ku Houston ndi ku New York, ndipo m'caka ca 2006 boma la dziko limenelo linaika zithunzi zace pa masitampa. Cigamba ca manyazi ndi cimene cibisa ciboo; koma cigamba cosankhidwa ndi diso, coikidwa pa malo ace, cionetsa nyumba m'mene mulibe kanthu kotayika cabe.

Amai, nanunso tiri nao mau anu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Musamtenge mwamuna modzidzimutsa, monga mbuzi yomka ku msika. Muuzeni dzulo lace cimene mufuna kusoka, ndi ca yani, ndi nsaru zingati. Werengani zigamba muli nazo musanacoke kunyumba, nimumange zitatu kapena zinai pa ngodya ya citenje, kuti mukaziyerekeze ndi nsaru ya m'sitoro. Mukatero ola limodzi lidzakwanira pamene mukadatha atatu. Musagule cifukwa mnzanu wagula, pakuti munda wace si munda wanu. Ndipo mwamuna akalowa, musamseke pamaso pa anzanu. Mpatseni nsonga imodzi ya nsaru agwire, nimumfunse kuti, "A Phiri, mwa ziwirizi yolimba ndi iti?" Diso limene lilekanitsa masamba a fodya silidzalephera pa nsaru, ndipo munthu amene wafunsidwa nzeru saonanso kutalika kwa nthawi. Copfundaco cikatha, adzaciloza pamaso pa alendo, nati, "Ya m'mphepeteyo ndinasankha ndine."

Ndipo inu aphunzitsi ndi alaliki, amene mulangiza anyamata ndi asungwana ofuna kulowa m'banja, musaleke pa mau akuru okha a cikondi ndi ulemu. Afunseni zazing'ono: fodya akagulidwa, adzadziwa mtengo wace ndani? Pokagula za m'nyumba, adzamka ndani? Pakuti ulemu wa m'banja uyesedwa pa masiku otere, pamene ndalama ziri m'dzanja ndi njira ziri ziwiri, ya kulowa m'sitoro ndi ya kuoloka mseu.

Sitinena kuti mwamuna ali yense adzakonda maluwa a nsaru. Ena sadzawakonda kufikira imfa, ndipo palibe mlandu. Tipempha ici cokha: nyengo ya msika ikafikanso, ndi mkazi wanu akati, tiyeni tikaone nsaru, mutsamiritse njinga ku cipupa, mubvule cipewa, nimulowe. Amene anasenza madzi a ku nazale pamodzi nanu ayenera ola limodzi la kuleza mtima kwanu. Ndipo ana anu adzagona ofunda m'mwezi wa Julai.